Chaka Chimene Ndege Zinaleka Kutera pa Mfuwe

Mu Malichi 2025 panatha zaka zisanu chilankhulireni Pulezidenti wa nthawiyo, Edgar Chagwa Lungu, ku mtundu wonse pa 25 Malichi 2020, pamene analengeza kuti ndege zochokera kunja zizitera pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka lokha, ndi kuti mabwalo a Livingstone, Ndola ndi Mfuwe ayambe aleka kulandira alendo a maiko ena. Kwa wokhala m'tauni, mawuwo anali lamulo limodzi mwa ambiri a tsikulo, pamodzi ndi kutseka mabala ndi kuchepetsa anthu pamisonkhano. Kwa ife a ku Malambo, m'chigwa cha Luangwa, anali mawu okhudza nsima ya mawa lake ndi fizi ya ana ya chaka chonse. Ambiri a ife sitinawamve pa wailesi yakanema. Anatipeza pafoni, odukaduka, wina atajambula kachigawo, wina atalemba zimene anamva kwa mnzake, ndipo pofika usiku panalibe gulu la WhatsApp la antchito a m'makampu, la amayi a kutchalitchi kapena la aphunzitsi limene linali kukamba nkhani ina. Pokumbukira amene tinawataya m'nyengo ija, n'koyenera kukumbukiranso njira imene mauthenga anayendera, chifukwa ena anapulumuka nayo, ndipo ena m'dziko lino anafa nayo.

Mliri wa COVID-19 usanafike, chaka chija chinali chitatigwedeza kale kawiri. M'Januwale mvula inagwa yosalekeza, mitsinje inasefukira, ndipo m'boma lathu la Mambwe ndi kwa anansi athu a ku Lumezi mabanja ambiri anaona zipupa za nyumba zawo zikugwa, nkhokwe zitapendekeka, chimanga cha m'mawondo chitagona m'matope. Wokulira kuno amadziwa khalidwe la Lupande ndi Msandile, mitsinje imene m'chilimwe ana amaseweramo pamchenga koma m'dzinja imadzaza usiku umodzi ndi madzi a mvula imene ife sitinaione ikugwa, yochokera kumtunda. Akuluakulu amakumbukira Febuluwale wa 2007, pamene mtsinje wa Luangwa unakwera mpaka kulowa m'makampu a alendo ndi m'minda ya m'mbali mwake. Nthawi imeneyo WhatsApp kunalibe, ndipo uthenga unkayenda pabwato, panjinga ndi pa mawailesi olankhulirana a m'makampu. Mbale wa ku Lusaka ankamva za tsoka la kwawo madzi ataphwa kale. Mu 2020 mnyamata ankakwera pachulu, foni m'mwamba kusaka netiweki, n'kujambula denga la agogo ake likuonekera pang'ono pamwamba pa madzi, ndipo dzuwa lisanalowe chithunzicho chinali chitafika ku Mtendere ndi ku Chawama mu Lusaka. Matenti ndi ufa za ofesi ya DMMU, ija yoona za ngozi zadzidzidzi pansi pa Wachiwiri kwa Pulezidenti, zinabwera m'nthawi yake. Koma chithandizo choyamba m'mabanja ambiri chinali kandalama kochepa kotumizidwa pa Airtel Money kapena pa MTN ndi mwana wa pakhomo pomwepo, amene anaona chithunzi ali kuntchito n'kulephera kumeza chakudya. Ubwino umenewu ndimaunena ndi mtima wonse, ndipo amene anagona pasukulu masiku amenewo sadzauiwala.

Madzi asanaphwe bwino, kunabwera mantha. Nkhani ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku inayambira ku Chingola, ku Copperbelt, ndipo m'Febuluwale inali itakuta dziko lonse. Kuno inafika pafoni isanafike pa wailesi, ndipo inafika ndi mawu a munthu: mayi wosadziwika akulira, akunena kuti alowa kwa anansi ake, akupopa magazi a ana, akusanduka amphaka n'kutulukira padenga, kenaka n'kumaliza ndi pempho lakuti mutumize kwa onse amene mumawakonda. Ndani akanakana kutumiza? Pa mabutu a ndalama a pa Cropping ku Mfuwe anthu ankaunjikana pafoni imodzi, mwini wake akubwereza uthengawo kachitatu kuti wobwera mochedwa amvenso, ndipo palibe ankafunsa kuti mayiyu ndi wa mudzi wa yani. M'madera ambiri a dziko abambo anagona panja ndi zibonga ndi nkhwangwa, Boma linatulutsa asilikali m'misewu, ndipo pamene mphepoyo inadutsa, anthu oposa 40 anali ataphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Ambiri mwa iwo mlandu wawo unali wakuti sanadziwike pamalo pamene anapezeka: wapaulendo amene mdima unamugwera panjira, wodwala misala amene sanathe kuyankha mafunso, wofunsa njira kwa anthu amene anali atatha masiku osagona. Imfa zimenezi sizitchulidwa kawirikawiri, chifukwa kuzitchula n'kudzifunsa kuti uthenga uja unadutsa m'manja mwa yani. Koma ndi akufa athu, ndipo m'chikumbutso chino ali ndi malo awo.

Kwa anthu a chigwa chino nkhaniyi ili ndi ululu wake wapadera. Ife timadyera mlendo. Kuyambira 1950, pamene Norman Carr ndi Mfumu Yaikulu Nsefu anagwirizana zotsegula kampu yoti alendo azidzaona nyama ndipo ndalama zizipita kwa eni dziko, Akunda aphunzira kulandira munthu wosamudziwa, kumuphikira, kumuyendetsa pakati pa njovu ndi njati n'kumubweza wamoyo. M'Febuluwale foni inatiphunzitsa kuopa nkhope yachilendo. M'Malichi alendo analeka kubwera.

Makolo athu anali ndi dongosolo la uthenga woipa, ndipo m'midzi yambiri likadalipo. Munthu akamwalira, eni mbumba amakagwada kwa amfumu, amfumu ndiwo amatuma anyamata, ndipo wotumidwayo akafika pakhomo sayambira pamsewu kufuula. Amakhala pansi, amalonjeredwa, amanena amene wamutuma, kenaka amatula nkhani kwa wamkulu, amene adziwe mmene angauzire ofooka mtima. Mthenga ali ndi nkhope, ali ndi mudzi, ndipo akanama mlandu umamupeza pabwalo. Uthenga wa pafoni unabwera ndi liwiro limene makolo sanalilote, koma unasiya m'mbuyo funso lija loyamba, lakuti wakutumani ndani. Eni WhatsApp iwo eni anaona kukula kwa vutoli, ndipo mu Epulo 2020 anakonza zoti uthenga umene wayenda kale m'manja ambiri uzitumizidwa kwa munthu mmodzi kapena gulu limodzi pa nthawi. Panali chinanso chimene sitichiganizira kwenikweni. Zambia ndilo dziko loyamba kumene Facebook inayambitsa Internet.org, mu Julaye 2014, mogwirizana ndi Airtel, ndipo anthu ambiri osauka analowa pa intaneti kudzera pa Facebook yaulere, ija yosaonetsa zithunzi. Wopanda bandulo ankawerenga mutu wa nkhani ndi zimene anthu akunena pansi pake, koma nkhani yeniyeniyo sakanatha kuitsegula. Munthu wotere sitingamunene kuti ndi wopusa pokhulupirira zimene anaona, anaonetsedwa theka.

Odwala awiri oyamba a COVID-19 analengezedwa pa 18 Malichi 2020, masukulu anatsekedwa pa 20, ndipo pa 2 Epulo dziko linamva za imfa yoyamba. Apa Boma linagwira foni ndi manja awiri. Tsiku ndi tsiku nduna ya zaumoyo, Dr Chitalu Chilufya, ankawerenga ziwerengero pa ZNBC ndi pa tsamba la Facebook la undunawo, bungwe la zaumoyo la ZNPHI linkatulutsa malipoti, ndipo panali nambala yaulere ya 909 yoti wokayika aimbe. Mphunzitsi wa kwa Jumbe ankamva mawu a nduna pa ola lomwelo limene mtolankhani wa ku Lusaka akuwamva. Koma choona chinkabwera cholembedwa, m'Chingerezi, ndipo chinkadya bandulo. Bodza linkabwera lolankhula, m'chinenero chathu, ndi mawu ofatsa ngati a malume ako. Linkati matendawa ndi a azungu ndi olemera okwera ndege, kutentha kwa ku Malambo kuwapha. Linkati akuchokera m'minongoti ya mafoni. Linkati ukafukiza bulugamu ndi kumwa mandimu ndi jinja watha nawo. Amene anasandutsa choona kuti chilowe m'khutu la agogo anali ena: owulutsa mawu a Breeze FM ku Chipata ndi mawailesi a m'madera, anamwino a ku Kamoto ndi a pa Kakumbi, alangizi a zaumoyo oyenda ndi chimkuzamawu, abusa ndi akatekisiti, anduna a mafumu amene anaika zidebe za madzi ndi sopo pakhomo la bwalo. Anthu anawamvera chifukwa ankawadziwa amayi awo.

Nyengo ya alendo, imene imayamba mvula ikatha, inafika popanda alendo. Amene sanakhalepo kuno sangadziwe kuti mlendo mmodzi wogona m'paki amadyetsa makomo angati. Pali woperekeza alendo amene anakhoza mayeso ovuta a ntchitoyo, pali dalaivala, wophika, wochapa, mlonda. Pali amayi omweta udzu womangira makampu a m'tchire, amene amamangidwa mwatsopano chaka chilichonse. Pali wa dimba wogulitsa tomato ndi repu kumakampu, osoka ndi opaka utoto nsalu, osema ziboliboli, ndi wa golosale amene onsewa amakongolako mwezi usanathe. Paki ya South Luangwa, ya masikweya kilomita 9,050 m'bwalo lake lonse, imene inakhazikitsidwa mu 1972, inakhala ya nyama zokha. Ndalama imene makampu amapatula pa usiku uliwonse umene mlendo wagona, yothandizira ntchito yoteteza nyama ndi masukulu, inauma pamodzi ndi mabedi. Mabwalo a ndege anatsegulidwanso kumapeto kwa Juni, koma ku Ulaya ndi ku America anthu anali akadali otsekeredwa kwawo.

Pamenepo mabungwe ndi makampu anatembenukira ku foni, ndipo anaigwiritsa ntchito mwaluso. Operekeza alendo ankalowa m'paki ndi galimoto yopanda munthu kumbuyo, n'kujambula nyalugwe ali pamtengo wa mvunguti, kuti wa ku London amene anafafaniza ulendo wake aone pa Instagram, akumbuke, asinthe tsiku m'malo moitanitsa ndalama yake. Conservation South Luangwa, Project Luangwa, Chipembele ndi ena analembera abwenzi awo a kunja kupempha thandizo, kuti oyang'anira nyama asaleke kulondera ndi kuti ana olipiriridwa sukulu asatayike. Mu Okutobala 2020 oyang'anira nyama a maiko ambiri a mu Africa anathamanga makilomita 21 ndi katundu kumsana pa mpikisano wa Wildlife Ranger Challenge, dziko likuonerera pafoni ndi kuponya ndalama. Makampu ena anatsitsa mitengo n'kuitana Azambia anzathu, ndipo mabanja a ku Lusaka ndi ku Kitwe amene ankayesa kuti paki ndi ya azungu anadzaona mvuu za kwawo koyamba. Malipiro ambiri amene sanaduke m'chigwa chino anapulumuka mwa njira imeneyi, ndipo amene anagwira ntchitoyo usiku ndi usana ayenera kuthokozedwa poyera.

Komabe pali chimene chimandiwawa ndikayang'ana zithunzi za chaka chija. Dziko linaona chigwa chokongola, chabata, mikango itagona pamsewu popanda woisokoneza. Wophika amene anauzidwa kuti ayambe wadikira kunyumba sanaoneke, ndipo iye mwini sakanadzijambula, chifukwa munthu wamkulu salengeza njala ya pakhomo pake kwa anthu osawadziwa. Anabwerera kumunda wa thonje umene anausiya zaka zambiri, anapita kumtsinje ndi mbedza kumene ng'ona zili, anagulitsa njinga, kenaka wailesi, potsiriza foni imene, ndipo dzina lake linangozimirira m'gulu la antchito anzake. Oteteza nyama ankaopa kuti misampha ya waya ichuluka, ndipo mantha awo anali oona mtima. Koma kuseri kwa msampha uliwonse kunali khomo limene nkhani yake sinafike pa tsamba lililonse. Chithunzi cha nyalugwe chimayenda kutali kuposa cha mbale yopanda ndiwo, ndipo amene amapempha thandizo m'dzina la chigwa ayenera kulimbana ndi zimenezi tsiku lililonse.

Maliro enieni anabwera mu Juni ndi Julaye 2021. Katemera anali atayamba kuperekedwa mu Epulo chaka chimenecho, koma mauthenga anali atafika kale m'midzi akuti wobayitsa sadzabala, kuti adzafa pakatha zaka ziwiri, kuti ndi chizindikiro cha chilombo, ndipo ambiri anazengereza kufikira mpweya utayamba kuvuta m'zipatala. Pa 17 Juni tinataya tate wa dziko, Kenneth Kaunda, ndipo pamene mbendera zinali pakati, mafoni athu anadzaza nkhope za anthu ena, osatchuka: mphunzitsi wopuma ntchito, mayi wa chigwirizano, dalaivala wa basi ya ku Chipata. Munthu ankaopa kutsegula WhatsApp m'mawa. Oposa 4,000 ndiwo anawerengedwa m'dziko lonse kuti anafa ndi matendawa, ndipo kuwerengako kunafika pamene panali zoyezera. Amene anatsokomola sabata imodzi kumudzi n'kutisiya sanalowe m'chiwerengero cha madzulo.

Akuluakulu amati maliro n'kulirana, koma lamulo linati pamaliro pasapitirire anthu 50, ndipo thupi la wodwala matendawa linkasungidwa ndi azaumoyo ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Amayi sanagone pasiwa, makwaya sanachezere, adzukulu anaima patali. M'malo mwake mdzukulu mmodzi ankaima kumanda atakweza foni, kuti mwana wamkazi wa malemu amene ali ku Copperbelt aone bokosi la mayi ake likutsika. Mawu a abusa ankafika odukaduka, chithunzi chinkaima pamene dothi loyamba likuponyedwa, ndipo iye ankalira yekha m'chipinda cha lendi, akufunsa mobwereza ngati akumumva. Chipepeso chinkafika pa nambala ya foni, ndipo wosunga ndalama ankalemba maina m'gulu kuti aliyense aone. Zimenezi zinatonthoza, ndipo popanda izo ambiri sakanatsanzika konse. Koma m'nyengo yomweyo tinazolowera chinthu chimene sitiyenera kuchizolowera: mwana kumva za imfa ya bambo ake poona chithunzi chawo pa foni ya munthu wapadera, akulu a banja asanakhale pansi kuti apeze womuuza. Amene zinawachitikira akadali ndi bala limenelo, ndipo ena mwa iwo akuwerenga mawu ano.

Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho, mliri usanathe, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'dziko lonse, kufikira Khoti Lalikulu litalamula kuti zitsegulidwe bungwe la Chapter One Foundation litakadandaula. Kwa wodwazika matenda amene ankadikira uthenga wa kuchipatala, tsiku limenelo linali lalitali, ndipo tinadziwa kuti msewu umene tinkauyesa wathu uli ndi ena ogwira makiyi ake.

Lero ndege zikuteranso pa Mfuwe, magalimoto a alendo akuwoloka mlatho wa Luangwa m'bandakucha, ndipo ana amene anali m'giredi 1 mu 2020 sakumbukira bwino za zophimba pakamwa. Mavuto sanaleke kubwera. Kolera ya 2023 ndi 2024 inapha anthu oposa 700 m'dziko lino, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima maola ambiri, mafoni n'kuzima nawo, netiweki n'kumagwa pa nthawi imene anthu ankafunsana za chimanga cha thandizo. Taphunzirapo zina. Njovu zikalowa m'munda usiku, foni imodzi imadzutsa mudzi ndi kuitana oyang'anira nyama. M'magulu ambiri muli tsopano munthu amene amafunsa kuti nkhaniyi mwaitenga kuti, ndipo sachita manyazi kufunsa. Koma agogo a kwa Malama kapena kwa Msoro amene alibe foni, kapena ali ndi ija ya mabatani imene mdzukulu anapita nayo kukatchaja kumsika, akadali omaliza kumva, ngakhale kuti nyumba yawo ndiyo ili kufupi ndi mtsinje.

N'chifukwa chake pa chikumbutso chino ndikugwada pamaso pa mafumu athu, a Nsefu, a Jumbe, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Malama ndi a Msoro, pamodzi ndi akuluakulu a Boma ndi a mipingo, ndi mapempho awiri. Loyamba ndi la amoyo: chenjezo la madzi, la matenda kapena la chilala lizituluka m'mawu olankhula, m'Chikunda ndi m'Chinyanja, wolankhulayo atayamba watchula dzina lake ndi udindo wake, ndipo lizifika pa foni ya nyakwawa aliyense, amene atume mnyamata kukhomo kumene foni kulibe. Lachiwiri ndi la amene anatisiya. Zithunzi zawo zinakhala pa mafoni tsiku limodzi n'kufufutika, mafoni ambiri a nthawi ija anawonongeka kapena anagulitsidwa, ndipo magulu amene tinalembamo chipepeso anatha. Mudzi uliwonse ndi mpingo uliwonse ulembe m'buku maina a amene anaikidwa mu 2020 ndi 2021 popanda mwambo wokwanira, oyezedwa ndi osayezedwa omwe, akadalipo amasiye ndi adzukulu amene angathe kuwatchula, ndipo mainawo awerengedwe mokweza pamaso pa abale amene sanaloledwe kufika kumanda.